Thovu la a Musagwedezeke

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso cha bizinesi chimene chinapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo amene akulifuna apite akaliwerenge yekha. Tauni yonse imawadziwa kuti a Musagwedezeke. Ana amene anawajambula akuyamwa lero ndi azibambo a ndevu zawo, koma akakumana nawo pamsewu amaima chilili, manja m'mbali, n'kufuula kuti, "Musagwedezeke!" Iwo amangokweza chipewa n'kumapitirira. Sakwiya ayi. Nanga munthu n'kukwiyira mawu amene anakulerera banja?

Situdiyo yawo ili pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, kachipinda kopyapyala koma kakatali. Mukalowa, kumanzere kuli galasi ndi chipeso chomangirira ku msomali ndi chingwe, pajatu anthu ndi anthu. Pafupi pake palendewera jekete lakuda ndi tayi, zobwereka aliyense wobwera asanadzikonze. Jekete limenelo lalowa m'maofesi ambiri kuposa mwini wake. Kumapeto kuli nsalu yoyera ndi kampando kopanda choyedzamira. Kuseri kwa nsaluyo kuli chitseko china, ndipo kumeneko n'kumene akazi awo amasoka zovala, makina akulira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka.

Ntchito yawo kwa zaka makumi atatu ndi zitatu yakhala zithunzi za pa ziphaso, ndipo malamulo ake amawatchula osapumira: nkhope ilunjike kutsogolo, maso onse awiri aoneke, makutu onse awiri aoneke, pakamwa patsekeke. Amamukhazika munthu pa kampando paja, kumukweza chibwano ndi chala chimodzi, kubwerera m'mbuyo mapazi atatu, kutsinzina diso lakumanzere, n'kunena mawu awo aja. Akatero amakoka mpweya, kuugwira m'chifuwa kuti manja asanjenjemere, kenako n'kudina. Kugwira mpweyako anawaphunzitsa bwana wawo woyamba, mkulu wina waukali amene ankati wojambula wopuma amajambula chifunga. Ndipo zoona, chithunzi chawo sichinabwezedwepo ku ofesi ina iliyonse. Zimenezi amakuuzani okha, musanawafunse n'komwe.

Nyanja ya mchere ili kumapeto kwa msewu womwewo, ulendo wa mphindi khumi pa njinga, koma mpaka imvi kumera iwo anali asanaviikemo thupi kupitirira mawondo. Ankati nyanja ndi ya asodzi ndi anthu osowa chochita. Ndiye taganizani mmene kunalili kunyumba tsiku limene mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ananena kuti wapeza ntchito yophunzitsa anthu kulowa pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya. "Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikacheza ndi nkhanu?" anakalipa bambowo. Mwanayo anapita ndithu, ndipo patapita zaka zochepa gombe lonse linkamutchula kuti Mphunzitsi.

Tsiku lina Mphunzitsi anafika ku situdiyo tsitsi lili chinyowere, n'kuwaonetsa chithunzi pa foni: kankhono kopanda chigoba, kabuluu, ka mizere yachikasu. Ankayembekezera kuti amuyamikira. Haa, ngati sawadziwa bambo ake!

"Wajambula manyaka amenewa ndani?" anafunsa a Musagwedezeke. "Nkhope ili kuti? Maso ali kuti? Ichi n'chithunzi kapena litsiro la pa foni?"

"Ndajambula ndine, bambo," anayankha mwanayo. "Ngati mumatha, kajambuleni nokha. Kali pansi, mamita khumi ndi awiri. Sikasamuka."

"Ukuyesa sindingapite?"

"Inu? Oopa ndi madzi a m'bafa omwe?"

"Iwe, ukonze botolo."

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo unawatsata a Musagwedezeke mpaka m'boti.

Woyendetsa botilo ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu woti sangaone chinthu osachiseka. Tsiku loyamba, ataona bambowo akulimbana ndi suti ya raba, anafa nalo phwete. "Alamu, mimba iyi silowa mwamtendere. Ndikabwereke chitsulo chovulira matayala?" Anawamanga lamba wa zitsulo m'chiuno, botolo kumsana, chopumira pakamwa, kumapazi n'kuwaveka zija amati mapazi a bakha. Kenako Mphunzitsi anaima patsogolo pawo. "Kumtunda ndine mwana wanu," anatero. "M'boti muno ndi pansi paja ndine Mphunzitsi. Lamulo loyamba, musasiye kupuma. Lachiwiri, musasiye kupuma. Enawo tikambirana m'njira." Bambowo anagwedeza mutu ngati amva.

Kuphunzirako sikunali kwa tsiku limodzi. Anamwa madzi amchere okwanira kudzaza ndowa, makutu anawawa, ndipo kawiri konse anatulukira pamwamba akutsokomola n'kulumbira kuti basi zatha. M'mawa mwake ankapezeka ali pagombe boti lisanafike.

Anthu ambiri akafika pansi amathamangira zazikulu, akamba ndi zinsomba zotalika ngati munthu. A Musagwedezeke izo analibe nazo ntchito. "Chachikulu aliyense amachiona," amatero. Tsiku lina anagona chafufumimba pafupi ndi thanthwe, mphuno itatsala pang'ono kugunda mwala, n'kuona kankhanu kosaposa batani la malaya kakuwayang'ana monyansidwa, ngati mlembi amene mwamusokoneza akumwa tiyi. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Tizilombo tonse tija, timene ena ankatidutsa poyesa zinyalala, tinali ndi nkhope. Ndipo kumene kuli nkhope, kuli ntchito yawo.

Anagulitsa njinga yamoto n'kupeza kamera ya m'kabokosi kosalowa madzi, ya diso loonera zinthu zapafupi kwambiri, ndi tinyali tiwiri pa timikono topindika. Kamera imeneyo zakutali siiziona. Imafuna chinthu chikhale pamphuno pake penipeni. Asanatseke kabokosiko amakhala pa tebulo lodulira nsalu la akazi awo, kuchotsa kamphira ka pa chitseko chake, kukapukuta, kukayang'ana pa zenera mbali zonse, chifukwa katsitsi kamodzi kokha kakatsalira pamenepo madzi amapeza njira. Panthawi imeneyo salankhulitsidwa, ngakhale nyumba ikupsa.

Kujambula pansi paja n'kovuta, asakunamizeni. Madzi amakukankha, mchenga ukangoukhudza ndi phazi umadzuka n'kudetsa zonse, ndipo wojambulidwayo sungamukweze chibwano ndi chala. Kugwira kanthu n'koletsedwa. Umangoyandama pamalo amodzi n'kudikira mpaka mwini wake afune yekha kukuyang'ana. "Ena amangounena mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha," amatero a Musagwedezeke. "Ine ndinawaona, ndipo umboni uli pakhoma apo."

Khoma la kumanja kwa situdiyo ladzaza tizithunzi tating'ono, msinkhu wa pa chiphaso, m'mizere yowongoka. Aliyense walunjika kutsogolo, maso onse awiri akuoneka. Anawapatsa ndi mayina omwe. Kankhanu kaja ndi Mlembi. Kansomba kosuzumira pakamwa pa botolo lakale ndi Mwininyumba. Kankhono kabuluu kamene kanayambitsa makani ndi Apongozi. Odzajambulitsa amaima pamenepo mpaka kuiwala chimene abwerera, ndipo ena amabwera opanda n'chojambulitsa chomwe.

Pakati pa khomalo panali malo amodzi opanda kanthu, ndipo amenewo anali a Mkwatibwi. Ndi kansomba koima chilili, mutu wonga wa hatchi, kamchira kokolowekera ku nthambi, konsekonse kosaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono. Kamakhala pa kamtengo kofiira ka pansi pa nyanja, mamita makumi awiri, ndipo thupi lake lili ndi timatuza tofanana ndendende ndi ta kamtengoko, moti ukhoza kukayang'ana mphindi zisanu osakaona. Khalidwe lake ndi limodzi: ukangolozetsa kamera, kamatembenuka n'kukupatsa nkhongo. Miyezi isanu ndi umodzi anakalondalonda, n'kumangopeza nkhongo zokhazokha. Ankazifufuta asanafike kumtunda.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Mpweya wa m'botolo umalowa m'mapapo uli wopanikizika ndi kulemera kwa madzi. Munthu akamapuma bwinobwino palibe vuto, thovu limatuluka pakamwa n'kumakwera. Koma akaugwira, chifuwa chodzaza chimamunyamula pang'onopang'ono, ndipo akamakwera mpweya uja umafufuma. Ukasowa potulukira umang'amba mapapo. Sipachita kufunika kukwera patali.

A Musagwedezeke zonsezi ankazidziwa, mayeso anakhoza bwino lomwe. Koma madzi saiwala khwawa. Chala chikangokhudza batani, chifuwa chinkatseka chokha, iwo osadziwa n'komwe. Mphunzitsi ankakhala kumbuyo kwawo, cha ku phewa lakumanzere, ulendo uliwonse, ndipo ankaona thovu likuduka. Poyamba anawauza moseka. Kachiwiri anawauza nkhope ili gwa. Bambowo ankangoti, "Kamphindi chabe, mwanawe. Ndakhala ndikugwira mpweya chonchi usanabadwe. Ndafa?"

M'mawa wina wa Lachitatu Mkwatibwi anatembenuka theka, diso limodzi n'kuoneka. A Musagwedezeke anakoka mpweya n'kudikira diso linalo. Anadikira, anadikira. Sanazindikire kuti thupi layamba kukwera, miyendo ili m'mwamba, mikono yokha ikutsatira kansombako. Anangomva wina akuwakoka lamba mwamphamvu, kenako chibakera pamimba. Mpweya wonse unatuluka kamodzi n'kamodzi. Atacheuka anaona maso a mwana wawo m'magalasi, chala chachikulu chitaloza kumwamba, kutanthauza kuti tikutuluka.

Anakwera m'boti muli alendo ena odzalowa pansi pa nyanja. Anadikira alendo onse atsike pagombe. Ndi mlamu yemwe anaona kuti lero si la nthabwala, n'kumanamizira kukonza injini.

"Iwe, wandimenya?" anayamba bambowo. "Ine bambo ako? Kanatsala pang'ono kutembenuka konse!"

"Ndakumenyani, ndipo ndikhoza kubwereza," anatero Mphunzitsi. "Munakwera mita yathunthu chifuwa chili chotseka. Mukudziwa mmene munthu amaonekera mapapo akang'ambika? Ine ndikudziwa. Ndinatulutsapo mmodzi chaka changa choyamba, thovu lofiira lili kukamwa. Iye anachira, koma ine mpaka lero ndimamuona."

"Ndinakusintha matewera ine."

"Zikomo, munachita bwino. Koma pansi paja khanda ndinu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka ziwiri ndalowa nanu, bambo. Mukudziwa chimene ndaona? Thovu lanu. Anzanga akatuluka amasimba za akamba, ine ndimangowerenga thovu, likaduka mtima wanga umaima. Ndatopa ndi mantha. Loweruka mulowa, ndikuonani. Likaduka kamodzi kokha, botolo sindidzakupatsaninso, ndipo ndiuza maboti onse pagombe pano kuti asakukwezeni."

Ankamudziwa mwana wawo, akanena wanena. Anatengera iwo omwe. Pokankha njinga yakapalasa kubwerera m'tauni anachita mantha enieni, osati a imfa, koma obwerera ku moyo wa nsalu yoyera ndi kampando basi.

Anafika ku situdiyo masana, n'kudutsa kuseri kwa nsalu, n'kukhala pa mulu wa zigamba. Akazi awo sanaimitse makina. Nkhani anali ataimva kale, pajatu mchimwene wawo foni saigoneka.

"Mwana wanu wandiikira malire," anadandaula bambowo.

"Akalakwa ndi wanga, akakhoza ndi wanu," anayankha mayiwo, akudula ulusi ndi mano. "Koma apa sanalakwe."

"Ndiye ndichite bwanji? Sindichita dala. Chifuwa chimatseka chokha."

Pamenepo makina anaima. "Bambo a mwana," anatero mayiwo, "zaka makumi atatu ndakhala ndikumva mawu anu aja kudzera pa chitseko ichi. Mumati 'musagwedezeke', kenako zii, kenako kamera kuti tcha. Pa zii pamenepo ndi pamene pali imfa yanu. Munaonapo munthu akulankhula atagwira mpweya? Mawuwo ndi aatali mokwanira. Akokeni, mudine muli m'kati mwake."

"Manja anjenjemera," anatero a Musagwedezeke.

"Ine ndimalowetsa ulusi pa singano ndikukalipira inuyo. Ndinayamba ndaphonya?"

Masiku awiri otsatira makasitomala anaona malodza. Namwino wina wofuna chithunzi cha kuntchito anakhala pa kampando, n'kumva mkuluyo akukoka mawu ngati wailesi yotha mabatire: "Muuu-saaa-gweee-deee-zeee..." kamera n'kuti tcha. Namwinoyo anafunsa ngati akupeza bwino m'thupi, ndiponso kuti shuga anayezetsa liti. Wometa tsitsi anasuzumira pakhomo kudzaona ngati ayamba mapemphero. Zithunzi khumi zoyambirira zinatuluka chifunga, ndipo bambowo anatukwana chamumtima bwana wawo wakale, akazi awo, ndi nyanja yomwe. Cha khumi ndi chimodzi chinatuluka chakuthwa, nsidze iliyonse ikuwerengeka. Anapeza kuti podinira pabwino ndi pa "ze", pamene chifuwa chafewa koma mpweya usanathe. Pakasowa kasitomala ankaluma kapaipi, mbali inayo ili m'ndowa ya madzi, n'kumajambula diso la singano ya akazi awo, ndowa ikuwira.

Lachisanu poweruka anauza wometa tsitsi kuti, "Mawa ndibwera naye Mkwatibwi, maso onse awiri." Kudzitama kokha sikunawachoke.

Loweruka kunacha bwino, nyanja ili bata. Mphunzitsi anayang'ana lamba wa bambowo, chopumira chawo, ndi kawotchi koonetsa mpweya wotsala. Mlamu anayesa nthabwala imodzi, palibe anaseka. Anatsika motsatira chingwe cha nangula mpaka kufika pa kamtengo kofiira kaja. Bambowo anayandama chafufumimba, osakhudza mchenga. Sanacheuke, koma ankadziwa amene ali ku phewa lakumanzere.

Panapita mphindi zinayi asanakapeze. Kanali pa nthambi ya m'munsi, kakupepeluka ndi madzi, nkhongo ili kwa iwo monga mwa nthawi zonse. Anayandikiza kamera, n'kukonza tinyali. Anapuma, kulowetsa, kutulutsa, n'kudikira. Mphindi khumi zinatha, kenako khumi ndi zisanu. Khosi linayamba kuwawa.

Kenako kanatembenuka. Osati theka ayi, konse. Timaso tiwiri takuda, kamlomo kotuluka ngati ka mwana wonyanyala, nkhope yolunjika ngati achita kuikonza ndi chala. Miyezi isanu ndi umodzi, abale inu!

Chifuwa chinayamba kutseka chokha. Anachimva chikutseka, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti akangokhala zii masekondi atatu, chithunzicho n'chawo. Masekondi atatu okha. Mwina mwanayo sangaone n'komwe. Ayi, bodza limenelo, aona. Zaka ziwiri sanaone china chilichonse.

Anatsegula kummero. "Muuu-saaa-gweee..." Mawuwo anatuluka m'chopumira ngati mkonono, thovu likugubuduka m'masaya. Mkwatibwi anadzidzimuka nalo phokosolo. Pofika pa "ze" chala chinadina, tinyali tinang'anima, koma kansombako kanali katapereka kale nkhongo.

Zinawapweteka, tisaname. Koma sanasiye kupuma. Anadikiranso, anadinanso kasanu, nthawi iliyonse akukoka mawu awo aja, ndipo Mkwatibwi sanatembenukenso. Muvi wa kawotchi utayandikira pofiira, dzanja la Mphunzitsi linawagunda pa phewa. Masiku onse ankapempha kamphindi ndi zala. Tsiku limenelo anangogwedeza mutu n'kutsatira.

M'boti mlamu anasuzumira pa kagalasi ka kamera n'kulephera kudzigwira. "Alamu! Mwajambula nkhongo! Iyi ku ofesi ya ziphaso angakuthamangitseni ndi tsache."

"Koma ndi nkhongo yakuthwa," anayankha a Musagwedezeke. "Taonani, timatuza tonse tikuwerengeka. Inu munajambulapo chiyani chibadwire?"

Pakamwa pankayankha mlamu, koma maso anali pa mwana wawo. Mphunzitsi ankakulunga mapaipi, kutsuka magalasi, kumasula mabotolo, osawacheukira. Boti linafika pagombe, alendo anatsika. Bambowo anazengereza dala, kutseka ndi kutsegula zipi ya chikwama ngati aiwala kanthu. Ananyamula chikwamacho, ndipo ataponda pa makwerero anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Lachitatu boti linyamuka seveni koloko. Musachedwe, bambo."

Sanacheuke, kuopa kuti mlamu angaone nkhope yawo. Anangokweza chipewa.

Chithunzi cha nkhongo chija anachitsuka tsiku lomwelo n'kuchimata pa malo opanda kanthu aja, pakati penipeni. M'zaka makumi atatu ndi zitatu ndi chokhacho chophwanya malamulo chimene chinakwerapo pakhoma lawo. Makasitomala akafunsa kuti nanga uyu watifulatira bwanji, iwo amati, "Ndi wamanyazi. Ndidzamupeza. Akwatibwi ouma khosi ndajambulapo ambiri." Ndipo musakayike, adzamupeza. Munthu uja sagonja.

Chimene sauza makasitomala chinachitika patapita milungu itatu. Anali pansi, mamita khumi ndi awiri, atangomaliza kujambula kankhanu kena ka miyendo yaubweya, kolunjika bwino, pa "ze" penipeni. Mokondwa anacheukira ku phewa lakumanzere kuti aonetse mwana wawo. Kunalibe munthu. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku.

Anamuona chapatali pang'ono, atawafulatira. Anali atayandama chafufumimba pafupi ndi thanthwe, magalasi atatsala pang'ono kugunda mwala, akuyang'anitsitsa kanthu kena kakang'ono. Mapazi a bakha ankagwedezeka pang'onopang'ono, mmene ankachitira ali wamng'ono akagona pakhonde kuonerera nyerere. Anali atawaiwala bambo akewo.

Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo pansi pa nyanja munthu sungaipukute. Anakweza kamera mwachizolowezi, koma kamera yawo zakutali siiziona. Anaitsitsa, n'kumangomuyang'ana mwana wawo, thovu likukwera lokha popanda woliwerenga.